Magitala athu apite ku Chichiri? Mawu a mkulu wa gulu la ntchito zamanja

Kwa inu amene simunabwere pa msonkhano wa Loweruka, nazi zimene anayankhula mkulu wa gulu lathu la ntchito zamanja. Alembi anajambula pa foni n'kuzilemba monga anayankhulira. Werengani mpaka kumapeto chifukwa nkhaniyi tiiponyera voti.

Zikomo a tcheyamani, alembi, asungichuma, ndi nonse achimwene ndi achemwali amene mwabwera ngakhale dzuwa likuswa mtengo chonchi. Mwandipatsa mphindi 20, ndiye ndingolowa m'nkhani.

Pa gulupu yathu ya WhatsApp mwakhala mukukokanakokana kwa sabata ziwiri. Ena akuti titenge magitala ndi mabanjo amene tapanga tikaonetse ku Trade Fair ku Blantyre. Ena akuti ndalama za m'thumba la kalabu tinazipeza ndi thukuta, maganyu othyola nachesi ndi kuumba njerwa, ndiye tisakazimwaze m'tauni chifukwa cha zitini zoliralira. Mawu oti "zitini zoliralira" ndawatenga pa gulupu pomwepo, mwini wake akudzidziwa, ndikumuona akuseka kumbuyoko. Ine ndili mbali ya ofuna kupita. Koma kapitidwe kamene ndikufuna ine mwina sikakondweretsa ngakhale anzanga a mbali yangayi.

Tiyambe tamvetsetsa kumene tikufuna kupitako. Malawi International Trade Fair imachitikira pa bwalo la zionetsero la Chichiri, ndipo amakonza ndi bungwe la amalonda la MCCCI. Kumabwera makampani akuluakulu, mabanki, ogulitsa makina, komanso anthu ang'onoang'ono ngati ife, osoka, osema, opanga jamu ndi sopo. Malo oonetserapo amalipiritsa. Kuchoka kuno kukafika ku Blantyre ndi mtunda wa pafupifupi makilomita 100, kudzera pa Zalewa, ndipo chionetserocho sichitha tsiku limodzi. Ndiye muwerengere thiransipoti, pogona, chakudya, kuphatikiza malo aja. Asungichuma akagwira pamutu pa nkhaniyi musawanene kuti ndi ouma manja, akuchita ntchito imene tinawasankhira.

Kunja kuli zionetsero za zida zoimbira zokhazokha. Chachikulu chimene ambiri amachidziwa ndi NAMM Show, chimene chimachitika ku Anaheim, ku California m'dziko la America, kumayambiriro kwa chaka. Ku Berlin, ku Germany, mu 2014 kunayamba china chotchedwa Holy Grail Guitar Show, cha anthu opanga magitala pamanja basi, amene pa Chingerezi amawatcha luthier. Kumeneko mmisiri ankakhala pa tebulo lake ndi magitala ochepa, munthu n'kubwera, n'kunyamula gitala, n'kukaliyesa pa malo opanda phokoso. Chimene chimandisangalatsa pa kachitidwe kameneka n'chakuti wogula amayankhula ndi mwini dzanja lenilenilo. Akafunsa kuti thabwa ili ndi la mtengo wanji, woyankha ndi yemwe analipala. Ife ku Chichiri tikakhala pakati pa ogulitsa mapampu ndi ogulitsa feteleza, zokuzira mawu zikusokosa mbali zonse, koma funso la munthu woima pa tebulo lathu likakhala lomwelo. Akalinyamula gitalalo, akalikhwacha kamodzi, ndipo khutu lake likamuuza ngati ayikepo ndalama kapena angotiyamikira kuti "mwayesetsa anyamata" n'kumapita. Mawu akuti "mwayesetsa" amenewo ine ndimawaopa kuposa kutukwanidwa.

Amene mukuti gitala lopanga pakhomo silingafike patali, pamenepo ndiye ndikutsutsani, chifukwa umboni ulipo wa m'dziko mwathu momwe muno. Madalitso Band, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, ankaimba m'misewu ya ku Lilongwe, wina babatoni wopanga yekha, wina gitala la mawaya anayi ndi ng'oma yomenya ndi chidendene. Mu 2017 anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera pamenepo akhala akuzungulira ku Ulaya. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, babatoni wake ndi wotalika pafupifupi mamita atatu, waya umodzi, ng'oma ya chikopa cha ng'ombe kumunsi, amaimba ndi kamtengo ndi botolo. Kanema wake atafala pa intaneti anthu a maiko akutali anayamba kumuitana. Malawi Mouse Boys ankagulitsa mbewa m'mbali mwa msewu, magitala awo okhoma ndi zidutswa zotola, koma mu 2013 anakaimba ku WOMAD ku England. Tibwerere m'mbuyo. Kwa Singano ku Chileka, kuno kummwera kwathu konkuno, kunali Daniel ndi Donald Kachamba. Katswiri wa nyimbo wa ku Vienna, Gerhard Kubik, anawajambula mu 1967 ali achinyamata ngati inu nomwe, ndipo Donald anafika pokaphunzitsa ophunzira a pa yunivesite ya UCLA ku America asanamwalire mu 2001. Allan Namoko wa ku Thyolo, wosaona, ndi banjo yake, agogo anu amamudziwa kudzera pa wailesi ya MBC.

Koma taonani bwino mndandanda umenewu. Onsewa anatchuka chifukwa choimba. Dziko linagula nyimbo zawo ndi matikiti okawaonera. Ife tikufuna kugulitsa chida chenichenicho, kuti munthu wina amene sitikumudziwa apite nacho kwawo akachiimbe ife kulibe. Pamenepa pali kusiyana kwakukulu. Mwini gitala amadziwa matenda a gitala lake. Amadziwa kuti waya wachitatu umafuna kuukankha pang'ono, kuti kachikhomo kena kamabwerera kokha ndiye amakapanikiza ndi kapepala. Mlendo sadziwa zimenezo ndipo alibe chifukwa chotipirira. Gitala logulitsa liyenera kumvera aliyense.

Ndiye ndafika pa nkhani imene ndabwerera, ya mafreti, timizere tachitsulo ta pakhosi pa gitala tija. Ndayesa zida zonse 7 zimene zili m'chipinda chathu chosungiramo katundu. Maonekedwe ndi abwino ndithu, ena mwajambulapo mpaka mapiri a Thambani. Koma pa zisanu mwa zimenezo mafreti anaikidwa ndi diso. Ena anayeza ndi chala, ena anatengera pa chithunzi cha pa foni. Ukaimba waya osagwira paliponse zikumveka bwino, ukangotsika pakhosi nyimbo yasochera. Woimba kwaya ya kutchalitchi amva zimenezi m'masekondi ochepa.

Mafreti ali ndi masamu ake, ndipo ndi masamu oti wa Fomu 2 akhoza kuchita pa kakyuleta ya pa foni. Yambani ndi kutalika kwa waya, kuchokera pa kachingwe ka kumutu pamene waya amagona mpaka pa kamlatho ka pamimba pa gitala. Magitala ambiri a mawaya a nayiloni kutalika kumeneku kumakhala mamilimita 650. Tengani 650 mugawe ndi 17.817. Mupeza 36.5. Freti yoyamba ikhale mamilimita 36.5 kuchokera kumutu. Tsopano chotsani 36.5 pa 650, zitsala 613.5, mugawenso ndi 17.817, mupeza 34.4, ndiwo mtunda wochoka pa freti yoyamba kufika pa yachiwiri. Mukatero mpaka mmunsi. N'chifukwa chake mipata ija imanka ichepa. Kuti musasochere, yezani zonse kuchokera kumutu: yachiwiri igwere pa 70.9, yachitatu pa 103.4, yachisanu pa 163.1, ya 7 pa 216.2, ndipo ya 12 igwere pakatikati penipeni, pa 325. Ngati gitala lanu ndi lalifupi, nambala ya 17.817 sisintha, chimasintha ndi kutalika kumene mwayambira. Banjo ya chitini nayonso imamvera lamulo lomweli.

Poyesa ngati mwakhoza, imbani waya osagwira, kenako gwirani pa freti ya 12. Liwu liyenera kukhala lomwelo koma lokwera, monga bambo ndi mwana akamaimba nyimbo imodzi. Likakwera mopitirira, kamlatho kasunthireni kumbuyo pang'ono, milimita imodzi kapena awiri, chifukwa chala chikapanikiza waya chimaukoka. Pali timapulogalamu taulere ta pa foni tochunira gitala, tikuuzani zoona mopanda manyazi, pamene mnzanu akhoza kukunamizani poopa kukukhumudwitsani. Ndipo chonde, tepi ya telala yoyezera nsalu ija isiyeni, imatamuka. Tipeze rula yachitsulo ya mamilimita, imodzi yokha ikwanira gulu lonse.

Kachiwiri ndi matabwa. Mawaya achitsulo 6 a gitala la kusitolo akamangidwa bwinobwino amakoka ndi mphamvu yoyandikira makilogalamu 70. Ganizirani thumba la chimanga la makilogalamu 50, muonjezepo ndowa ina, zonsezo zikukoka khosi la gitala usana ndi usiku. Thabwa losauma silingapirire. Limapindika, mawaya amatalikirana ndi khosi, woimba zala zimamupweteka mpaka amalipachika pakhoma. Akalipentala amati thabwa lokhuthala inchi imodzi limafuna pafupifupi chaka kuti liume lokha pamthunzi. Njira yodziwira ndi yosavuta. Pitani nalo pa sikelo ya ogula nandolo, lembani kulemera kwake, mubwerenso pakatha sabata ziwiri. Likasiya kupepuka ndiye kuti lauma. Kuno kwathu vutoli limakula chifukwa nyengo zathu ndi zosiyana kwambiri. Gitala lomata mu February, mvula ili pakati, likafika October limang'aluka pamimba chifukwa thabwa lataya chinyezi n'kukhwinyata. Ndi bwino kumata nthawi youma.

Malayina ndi mnzathu. Ndi wopepuka, savuta kupala, ndipo ambiri tinadzala tokha m'mabwalo mwathu. Mbawa ndi mtengo umene ngakhale mafakitale akunja amapangira magitala, amautcha African mahogany. Mphingo, wakuda uja amasemera ziboliboli, kunja amapangira zitoliro zodula zotchedwa clarinet ndi oboe. Koma apa ndiyankhule mosapsatira. Kalabu ino sidzagula thabwa lochokera m'nkhalango ya boma ya Thambani mozemba, ndipo mkungudza wa ku Mulanje, umene watsala pang'ono kutheratu, tisauganizire n'komwe. Tonse tikuona mmene makala ametera mapiri a Mwanza ndi Neno. Sitingakhale kalabu yodzala mitengo mu January n'kukhala yogula matabwa akuba mu June. Ndiponso ogula akunja amafunsa za zimenezi. Kuyambira mu 2017 mitengo ya mtundu wa mphingo ili pa mndandanda wa pangano la maiko la CITES loyang'anira malonda a zachilengedwe zimene zikutha. Thabwa labwino kwambiri kwa ife lili m'nyumba mwathu momwe: chitseko chakale cha mbawa, bedi lothyoka la agogo, desiki imene inatha ntchito. Zimenezo zinauma zaka 30 zapitazo ndipo sizidzapindikanso. Mukagula thabwa kwa wocheka, sungani lisiti, tidzayende nalo.

Mwina wina akuti, ife tilibe matabwa apamwamba, tingapange bwanji chinthu chomveka? Ku Spain kunali mmisiri wotchedwa Antonio de Torres, amene magitala a nayiloni a masiku ano amatengera kapangidwe kake. Mu 1862 anapanga gitala limene m'mbali ndi kumsana kwake anagwiritsa ntchito zipepala zolimba zomata, thabwa labwino n'kuika pamwamba pokha, pofuna kuonetsa kuti liwu la gitala limachokera kwambiri pa thabwa la pamimba. Gitala limenelo lilipo mpaka lero ku nyumba yosungira zida zoimbira ku Barcelona. Phunziro lake kwa ife ndi la ndalama. Ngati tili ndi kathabwa kamodzi kabwino, kopepuka, kouma, kopanda mfundo, kapite pamimba, ndipo tikapale kapyapyale, mamilimita osapitirira atatu. Enanu mukuika thabwa lokhuthala ngati la mpando, kenako mukudabwa kuti gitala likulira ngati lili m'thumba. M'mbali ndi kumsana plywood akhoza kugwira ntchito.

Tsono funso limene latigawa kwambiri mu gulu la zamanja: tipange magitala ofanana ndi a m'sitolo, kapena tipange zathuzathu? Maganizo anga ndi awa. M'masitolo a ku Limbe muli magitala a ku fakitale ochokera ku China, onyezimira ngati galasi. Fakitale imatulutsa ambirimbiri pa tsiku, ife limodzi limatitengera sabata zingapo. Tikati tipikisane nawo pa kunyezimira ndi pa mtengo, tagonja tisananyamuke pa depoti. Chimene fakitale ija ilibe ndi banjo ya chitini cha mafuta yokutidwa ndi chikopa cha mbuzi, ndi babatoni wa khosi la bulugamu ndi waya wa m'tayala. Munthu wodutsa pa Chichiri wawaonapo magitala a m'sitolo kambirimbiri, saima. Koma akamva babatoni akugunda, aima, ndipo anzake aima naye. Ndiye ndikuti tinyamule zida zitatu zokha: babatoni mmodzi wokopa anthu, banjo imodzi, ndi gitala limodzi la mawaya 6 loonetsa kuti masamu aja timawatha. Zitatu zochunika bwino. Zina zinayi zitsale, ngakhale eni ake andikwiyire. Ndikudziwa kuti aliyense akufuna chake chikaoneke ku Blantyre, ndipo zikupweteka kumva kuti chako chitsale utachikhalira mwezi wathunthu. Koma chida chimodzi chosokonekera pa tebulo chimaipitsa zonse, paja nsomba ikaola imodzi zaola zonse.

Za mawaya ndingonena mwachidule. Waya wa buleki ya njinga pa banjo ndi pa babatoni ndi mwambo wathu, liwu lake ndi lomwelo timalifuna, usiyeni. Pa gitala la mawaya 6 tigule mawaya enieni a kusitolo ndi zomangira zake zachitsulo, chifukwa wogula waya ukaduka akafuna kukagula wina n'kulowa bwinobwino. Nsonga za mafreti muzikhule ndi fayilo. Yendetsani chala m'mbali mwa khosi, chikakodwa ndiye kuti ntchito sinathe.

Mtengo. Apa ndiye ife a ku Mwanza tiyenera kukhala ochenjera kuposa wina aliyense, chifukwa phunziroli timaliona chaka chilichonse pa nachesi. Mlimi wasamalira mtengo chaka chonse, wogula wabwera ndi lole n'kutchula mtengo wake, mlimi poopa kuti zipatso ziola wangovomera. Zipatso zomwezo zikafika ku Blantyre mtengo wake wina. Gitala siliola, achimwene. Palibe chotithamangitsa. Tisananyamuke tikhale pansi ndi kope, tilembe ndalama ya thabwa, guluu, sandipepa, vanishi, mawaya, kenako masiku amene munthu wagwira ntchito, tiwerengere monga amalipidwira kalipentala pa tsiku kuno kwathu, tionjezepo gawo la kalabu. Mtengo umenewo tiulembe pa kapepala tiupachike pa chidacho. Munthu akanenerera kufika pansi pa ndalama imene tinalowetsa, timuthokoze mwaulemu, chida chibwerere kumudzi. Tsiku lomaliza la chionetsero ndi loopsa, chifukwa mwatopa, ndalama ya minibasi yachepa, ndiye wina akubwera ndi theka la mtengo. Amene tidzawatume apite ndi ndalama yobwerera yosungidwa padera kuti asagulitse chifukwa cha mantha.

Ndipo musayembekezere kuti tikagulitsa zonse n'kubwera ndi chikwama chotupa. Pa zionetsero zotere phindu lenileni nthawi zambiri limabwera pambuyo. Mphunzitsi wa Expressive Arts amene akufuna zida zoti ana azigwira, mkulu wa kwaya, mwini malo ogona alendo ku Mangochi kapena ku Mulanje, woimba amene akufuna babatoni wa muyezo wake, anthu oterewa amatenga nambala n'kuimba patapita mwezi. Choncho pa tebulo pakhale kope lolembamo dzina ndi nambala ya aliyense amene waonetsa chidwi, ndi timapepala tokhala ndi nambala ya kalabu, imodzi yokha, yolembetsedwa ku Airtel Money kapena Mpamba. Wofuna kuti timupangire chake apereke kaye gawo la ndalama. Ndipo tisalonjeze sabata imodzi pamene tikudziwa kuti ntchitoyo ndi ya mwezi.

Oti apite akhale awiri, wodziwa kuimba ndi wodziwa kufotokoza kapangidwe. Chida chongogona pa tebulo sichiitana munthu. Ndikupempha kuti mmodzi mwa awiriwo akhale mtsikana. Ndikunena izi chifukwa banjo imene yachunika bwino kuposa zonse m'chipinda muja anaika mafreti ndi achemwali athu awiri a Fomu 3, amene anyamata ena ankawaseka kuti akuchedwa ndi rula. Makolo awo tikawapemphe bwinobwino, ndipo a matroni apite nawo. Ponyamula, mawaya muwamasule pang'ono, chida muchikulunge m'bulangete, ndipo gitala mulifukate pamiyendo. Mukalola kondakitala kuliika kumbuyo pamodzi ndi matumba a mbatata, mukafika ndi nkhuni. Babatoni ndi wamtali, tipange khosi lake lochotseka ndi mabawuti awiri.

Tsopano pempho langa kwa a tcheyamani, loti tiliponyere voti. Ndalama ya ku Chichiri isatuluke kaye m'thumba. Tiyambe taonetsa konkuno, pa boma, tsiku limene anthu achuluka pamsika, titapempha chilolezo kwa oyang'anira msika. Pa Mwanza pamadutsa anthu ambiri, madalaivala a malole opita ku Tete, ku Zimbabwe ndi ku Joni, apaulendo odikira pachipata, aphunzitsi, anthu a makwaya. Tiyale tebulo, zida zonse 7, aliyense wodutsa aziyese. Tiitane oimba awiri a kunja kwa kalabu, oti alibe m'bale wawo muno, asankhe zitatu zopambana, kuti pasakhale zoti mkulu wa gulu wakondera. Pakapezeka ngakhale munthu mmodzi wopereka ndalama yake kuti timupangire chida, asungichuma amasule thumba, alembi alembere a MCCCI kufunsa mtengo wa malo ang'ono kwambiri, ndiponso ngati n'kotheka kugawana malo ndi gulu lina la ntchito zamanja. Tifunsenso ku ofesi ya achinyamata ya boma lino ngati pali njira yotithandizira thiransipoti. Pakapanda kupezeka wogula ndi mmodzi yemwe, tibwerere ku benchi, Chichiri idikire chaka chinacho.

Amene zida zanu zili ndi mafreti a diso, musataye mtima ndipo musaziphwanye. Kathabwa ka pakhosi kamatheka kukachotsa n'kumata kena, mimba ya gitala osaikhudza. Loweruka likubwerali ndidzakhala pa shedi kuyambira 8 koloko m'mawa. Bwerani ndi chida chanu, pensulo yosongoka, ndi foni yokhala ndi moto chifukwa masamu aja aliyense adzachita yekha. Amene kwanu kuli chitseko chakale kapena bedi lothyoka, kapempheni kwa eni ake, musangonyamula. Rula yachitsulo ndidzabwereka kwa akalipentala a pamsika, koma adzaifuna pofika 12 koloko, ndiye ochedwa adzapeza itapita.